Mmene Ndinatayira Mafuwa a Mkazi wa Bwana

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, ndi amene amazikonda, ndipo amathirako ndi mchere womwe. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kulandira malipiro. Cha kusukulu nditchulapo chimodzi chokha, chifukwa popanda icho zinazi sizimveka. Ndili Fomu 3 ndinakwera padenga la khitchini n'kutseka chumuni ndi chiguduli chonyowa. Ophika anatuluka akutsokomola ngati mbuzi zachimfine, phala linachedwa, ndipo ine anandibweza kwathu ku Jenala kuti ndikaganize bwino. Aphunzitsi pa tsikulo anaphunzira kuti Fanuel alibe khalidwe. Ine ndinaphunzira kuti utsi suyenda wokha, umachita kukokedwa, ndipo ukaupatsa njira umaitsata ngati ng'ombe yodziwa khola. Mpaka lero ndimaona kuti amene anapindula ndine.

1996: Ku Nazombe

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo ngati nkhuku yofuna poikira. Atsibweni anga anali atandidulira kale ndime ya thonje, ndipo anayamba kutchula mayina a atsikana a m'mudzi pa nthawi ya chakudya. Choncho nditamva kuti bungwe lina lobzala mitengo, limodzi mwa aja anabwera m'boma lathu pambuyo pa napolo, likufuna kalaliki wa kunazale ku Nazombe, ndinabwereka njinga osafunsa n'komwe za malipiro. Zaka makumi awiri ndinali ndisanakwanitse.

Bwana wanga woyamba anali a Mulepa, munthu wamtali, wowonda, wa jekete imodzi yabulauni imene ankaipukuta ndi dzanja asanayankhule chilichonse chofunika. Kwawo kunali ku Chiradzulu, koma anakwatira mayi Idesi a m'mudzi woyandikana ndi nazaleyo, tsidya la kamtsinje. Ngakhale ankakhala m'nyumba ya bungwe, kwa anthu akumeneko anali mkamwini basi, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Tsiku lomwe ndinafika anandiuza kuti mbiri yanga ya kusukulu inafika ine ndisanafike, ndipo cholakwa chimodzi chokha ndikwera njinga yomwe ndabwererayo. Anandipatsa kachipinda ka sitolo kuseri kwa nyumba yawo, momwe ndinkagona pakati pa makeni othirira mbande ndi matumba a manyowa.

Lamulo lawo lalikulu linali la nkhuni. Masiku amenewo matipate inali yatsopano, ndipo ambiri ankaimva kuti phiri tsopano ndi la aliyense. Nkhwangwa zinkalira kuyambira m'mawa. A Mulepa ankati ife obzala mitengo tikaoneka ndi mtolo wa kuphiri, palibenso adzatimvere. Ine ndisanabwere anali atachotsa kale wantchito wina chifukwa cha chikuni chimodzi. Tinkasonkhera tinthambi togwa tokha ta bulugama ndi mapesi. Kupatula apo, ntchito inali ya kusowa: machubu odzalamo mbande ankachedwa, wilibala inalibe tayala, ndipo ndinkamaliza zolemba zanga dzuwa lisanafike pamutu. Nthawi yotsalayo ndinkazungulira nazale manja akuyabwa. Kwa chaka chathunthu ndinadzigwira, kupatula nkhani ya chule m'jombo ya mlonda, imene palibe anaipezera umboni.

1997: Chiperoni

Inu obadwira kutauni simukudziwa kuzizira kwa m'munsi mwa phiri. Chiperoni akatsika, nkhungu imalowa mpaka m'bulangete, mvula yake siigwa, imangoyandama, ndipo malata amadontha mkati. Nyumba ya a Mulepa inalibe siling'i. Nyengo imeneyi mayi Idesi ankaphikira m'nyumba momwemo, pa mafuwa atatu a pakona ya chipinda chochezera, chitseko chotseka, tinthambi take tonyowa. Utsi unkadzaza mpaka maso kuwawa, koma kutentha kunkathawira kudenga. Chaka chomwe ndinafika mwana wawo woyamba anagonekedwa m'chipatala ku Boma ndi chibayo, ndipo kutsokomola kwake ndinkakumva kudzera pakhoma.

Chaka chotsatira mayi Idesi anali oyembekezera. Kuzizira kutayamba anapita kwa amayi awo tsidya lija kukachira, ndipo anabereka mwana wamwamuna. Nthawi yomweyo a Mulepa anaitanidwa ku semina ku Boma. Anandisiyira makiyi a nyumba kuti ndizitsegula mawindo, n'kupukuta jekete, n'kunena kuti ndisakhudze kanthu. Nditalowa m'nyumbamo ndinaima pakati pa chipinda, n'kuyang'ana mwaye wa pakhoma, n'kuganiza za khanda lobwera kudzapuma zimenezi. Ndisadzikometsere: ndinaganizanso kuti nyumba yonse ili m'manja mwanga ndipo bwana ali kutali.

Ndinayamba ndi njerwa zotsala pomanga chimbudzi cha kunazale. Pakona paja ndinamanga kakamwa koikamo nkhuni, kotakata ngati chikhatho chotambasula, ndi kamsewu kopingasa kolowa mkati. Kumapeto kwa kamsewuko ndinaimika chumuni chachifupi, chofika m'chiuno, n'kuchimata mochindikala ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mankhusu a mpunga kuti kutentha kusathawire m'mbali. Pamwamba pake ndinavundikira diramu lakale, kusiya kampata pakati pa chumuni ndi thako la diramulo. Maganizo anga anali akuti moto ukwere chumuni, ugunde diramu, utsikire m'mbali mwake, kenako ulowe m'ngalande ya njerwa imene ndinaiyendetsa motsatira khoma. Ngalandeyo ndinaiphimba ndi miyala yaphwatalala ndi dothi mpaka inasanduka benchi yoti munthu wamkulu n'kugonapo. Kumapeto kwake ndinaboola khoma la bwana n'kutulutsa paipi ya lata lopinda, yokwera kupitirira denga. Zina mwa izi ndinazionera ku mabalani a fodya komwe ndinkagwirako ganyu patchuthi, zina ndinangoziganiza ndikuponda dothi.

Mafuwa aja anali ndendende pomwe panafunika kukhala kamwa la chitofu. Ndinawanyamula n'kukawaponya kudzala, pamodzi ndi phulusa.

Nditayatsa koyamba, utsi wonse unabwerera kukamwa ngati wandizindikira. Makatani oyera a mayi Idesi anasanduka a mtundu wa khoswe. Ndinakweza diramu ndi mzere umodzi wa njerwa chifukwa mpata unali wochepa, kenako ndinaboola kakhomo m'munsi mwa paipi yakunja n'kuyatsamo mapepala kuti paipiyo itenthe kaye, iyambe kukoka. Nditabwerera mkati ndinapeza lawi lagona chammbali, likulowa lokha m'kamsewu kaja, ndipo chitofu chikulira ngati lole yokwera chitunda cha Fort Lister. Ndinaponyamo zitsononkho za chimanga, zomwe nyengo imeneyo zimangotayidwa pakhomo lililonse. Panja, pakamwa pa paipi, utsi sunkaoneka n'komwe, mpweya wokha ukunjenjemera. Masiku oyamba benchi inkatuluka nthunzi ndi fungo la dothi, ikung'ambika, ine ndikumata. Itauma, dengu limodzi la zitsononkho m'mawa linkaisiya yofunda mpaka dzuwa kupendeka. Patapita zaka, anthu a mabungwe anabwera ndi zitofu zofananako n'kumazitcha roketi. Changa chinalibe dzina.

Amene anaona mafuwa kudzala ndi mayi wina wopita kumjigo, ndipo nkhani inawoloka kamtsinje madzi ake asanafike pakhomo. Kumeneko mafuwa a mkazi wapabanja satuluka m'nyumba wamba. Amawaika ndi amayi ake pomulowetsa m'nyumbamo, ndipo amatuluka pa zifukwa ziwiri: mwini wake wamwalira, kapena ukwati watha. Ndinganene kuti sindinkadziwa, koma ndinali nditamvapo. Kungoti anali pamalo pomwe ndinkafuna.

Masana omwewo kunafika a Waisoni, atsibweni awo a mayi Idesi, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anaima pafupi ndi dzala nthawi yaitali, manja kumbuyo. M'nyumba anakana kulowa. Anangondifunsa ngati bwana wanga ndi amene anandituma.

"Makiyi anandipatsa ndi iwowo," ndinatero.

Sindinaname. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti miyalayo isakhudzidwe, n'kumapita.

A Mulepa pobwera ku semina anadzera kwa apongozi awo ndi shuga ndi sopo kuti akaone mwana. Anawabwezera kumphepete kwa bwalo, n'kuwauza kuti akaitane nkhoswe yawo ku Chiradzulu. Anafika kunyumba shuga ali m'manja. Anayang'ana diramu, bowo la pakhoma, makatani, kenako ine.

"Ichi n'chiyani, Fanuel?"

"Chitofu, bwana. Takhalani apa mumve."

Sanakhale. Anayankhula motsitsa mawu, zimene zinandiopsa kuposa kukalipa. "Mwana wanga sindinamuone nkhope. Andibweza pabwalo ngati wogulitsa usipa wowola. Ukudziwa kuti ine kuno ndilibe m'bale?" Anapita kusitolo, n'kubwera ndi hamala yaikulu, n'kuiika pabenchi. Anati pofika m'mawa apeze pansi posalala ndi mafuwa pamalo pake, ndipo akatero aganizira zondisiya pantchito. Apo ayi, ndilongedze.

Pa ntchito zonse zimene ndagwira, masana amenewo ndi pomwe ndinavutika kwambiri kusankha. Ndinakhala pabenchipo hamala ili pamiyendo, ndikumva kufunda kukukwera msana. Ndinaimirira, kutuluka, kuzungulira nazale, kubwereranso. Kugumula kukanatenga kanthawi kochepa, ndipo ntchito ikanatsala. Kukana kunali kubwerera ku Jenala, ku thonje ndi ku mayina aja a pa chakudya. Komanso ukwati wa munthu unali pachiswe chifukwa cha ine, ndipo a Mulepa, ngakhale anali ouma, sanandilakwirepo. Koma nthawi iliyonse ndikakweza hamala ndinkakumbukira kutsokomola kuja kwa pakhoma, ndiponso, ndivomere, chinthucho chinali chokongola kwambiri. Ndinaibisa hamala m'matumba a manyowa n'kuwoloka kamtsinje. Komwe mkamwini wabwezedwa, kalaliki amadutsa.

Mayi Idesi anali atatuluka kale m'chikuta. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akuchapa matewera, ndipo atandiona anayamba kuseka mogwira pamimba.

"Ndinadziwa kuti ndiwe. A Mulepa anganyamule fuwa? Sadziwa n'komwe kuti alipo angati."

"Nanga bwanji simukuwauza atsibweni, mayi?"

"Asiye aone nawo pang'ono. Ine ndikubereka kuno, iwo akudya mabisiketi ku semina."

Kenako anasiya kuseka. Anati iwo angakhululuke lero lomwe, koma amayi awo ndiye zawapweteka zenizeni, chifukwa miyala ija anaisankha okha kumtsinje n'kuisenza pamutu ndi miyendo yawo ya nyamakazi ija. Anati agogowo akanena kuti mwana wawo sabwerera, sabwereradi, ndipo a Waisoni sangawatsutse. Ndinawafotokozera za chitofu, za utsi, za benchi. Sanakhulupirire zonse, koma nditatchula za chibayo analeka kutsutsa, n'kufinya thewera. Ndinapempha chinthu chimodzi: auze akuluakulu kuti asanayambe mlandu abwere m'mawa adzaone okha pomwe panali mafuwa.

Kutacha chiperoni anali atatsika wamphamvu, phiri losaoneka. Ndinayatsa chitofu m'mamawa, kenako ndinanyamula mipando yonse ya m'nyumbamo, ndi kampando ka ndalema komwe, n'kukaisunga kunazale. A Mulepa anali atagona kuofesi chifukwa cha mkwiyo. Atabwera n'kumva chitofu chikulira, anangoti ndilongedze. Mawu asanathe, panjira panatulukira a Waisoni, kumbuyo kwawo mayi Idesi ndi khanda kumsana, ndipo pambuyo penipeni agogo, atafunda nsalu ziwiri, akutsamira ndodo.

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi kumeneko sakhala chipinda chimodzi, sayang'anizana n'komwe. Choncho agogo polowa khomo lakumaso, a Mulepa anatulukira lakuseri, n'kukaima pansi pa windo, pomwe malata ankawadonthezera pa jekete. A Waisoni anaima pawindopo chamkati kuti azipereka mawu uku ndi uku.

Agogo anayang'ana chitofu ngati akuyang'ana galu wa eni. Anafunafuna pokhala, osapeza. Pansi panali pozizira, ndipo ine ndinali nditakolopa dala. Anaima kwa kanthawi, akusinthasintha mwendo, kenako anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, theka lokha, kuti aliyense aone kuti sakufuna. A Waisoni anayamba kulongosola mlandu: za tsiku la ukwati, za ulemu umene mbumba yawo inapereka kwa mlendo, za miyala yopezeka pamodzi ndi makoko a nthochi. A Mulepa ankayankha panjapo mano akugundana, kuti iwo sanadziwe kanthu ndipo mkazi wawo amamufuna. Ine sindinkamvera zimenezo. Ndinkayang'ana agogo. Anasendera mkati pang'ono. Anagwira benchi ndi chikhatho, uku ndi uku. Anatsitsa nsalu imodzi. Kenako anakweza miyendo yonse n'kuitambasula pabenchipo, n'kutsamira khoma. Anayankhula ndi mwana wawo m'Chilomwe motsitsa, ndipo mayi Idesi anamasula khanda n'kuligoneka pachitenje pambali pawo. A Waisoni anali akadali pakati pa mawu pomwe agogo anawadula.

"Iwe mnyamata, nkhuni zake zili kuti?"

Ndinawaonetsa dengu la zitsononkho. Anafunsa za utsi, ndinaloza paipi kudzera pawindo, pamwamba pa mutu wa bwana.

"Anataya mafuwa a mwana wanga ndani?"

"Ndine, agogo."

"Anakutuma ndani?"

"Palibe."

"Ukudziwa kuti unalakwa?"

"Ndikudziwa kuti anali pamalo pa chitofu."

Ndodo ija inandipeza pa msongolo ndisanaione. Inapweteka, ndipo mpaka lero ndimati ndinaigula motchipa.

Chigamulo anapereka ali chigonere. Anati miyalayo ndikaitole kudzala, ndikaitsuke kumjigo amayi onse akuona, ndibwere nayo pamutu, umodziumodzi, ngati mmene iwo anaibweretsera. Ndinatero, ana a sukulu akundiperekeza ndi nyimbo, ndipo paulendo womaliza ndinkavinira ndekha. Agogo anatsika pabenchi kamodzi kokha, kudzaika mafuwawo ndi manja awo kutsogolo kwa kamwa la chitofu, pomwe anakhala osaphikirapo kanthu koma osasunthidwanso. Kenako anauza a Waisoni kuti auze mkamwini kuti mlandu watha, mkazi wake wabwerera lero, nkhoswe ya ku Chiradzulu isavutike. Tinamva a Mulepa akuwomba m'manja panjapo mwaulemu. Agogo anawonjezera kuti popeza mwana ndi wamng'ono ndipo make sanapeze mphamvu, iwo atsala kuti azithandiza.

Kuwomba m'manja kuja kunasiya. Patapita kanthawi a Mulepa anafunsa kudzera mwa a Waisoni kuti atsala mpaka liti. Agogo anati mpaka kuzizira kuthe. Ananenanso kuti mnyamata wachipongweyu asachotsedwe ntchito, chifukwa palibe wina wodziwa kuyatsa chinthuchi.

Khanda lawo a Mulepa analiona tsiku lomwelo, pakhonde, mayi Idesi atalitulutsa lofunda bwino, ndipo ndinaona munthu wouma uja akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete yonyowa. Koma m'nyumba munali apongozi. Madzulo ake anabwera kusitolo kwanga ndi bulangete ndi mphasa, n'kusuntha makeni kuti apeze pogona.

Ogasiti 1997

Kuzizira kwa chaka chimenecho kunachedwa kutha, kapena agogo ndi amene ankachedwa kukuona kutha. Ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse inali kukayatsa chitofu. Ndinkawapeza agogo ali pabenchi, mdzukulu wamkulu mbali iyi, khanda mbali iyo, mbatata ikupsa pamwamba pa diramu, amayi a m'mudzi atabwera kudzazonda mwana amene anali atamuzonda kale dzulo lake. Nyengo yonseyo sindinamve kutsokomola pakhoma. Ena mwa amayiwo anayamba kundifunsa za dothi ndi mankhusu, ndipo pakhomo pathu zitsononkho zinasowa. Ndikamaliza ndinkabwerera kusitolo, komwe bwana wanga ankavala nsapato atazizidwa. Sitinkayankhulana za nkhaniyo. Ankandilamula za machubu ndi mbande ngati kale, ine ndikuyankha kuti inde bwana, tonse tikununkha manyowa amodzi.

M'mawa wina nkhungu italowa mpaka m'sitolomo, ndinawapeza ataima pakhomo, bulangete paphewa, akuyang'ana paipi ya nyumba yawo.

"Fanuel, m'menemo mumafundadi?"

"Kwambiri, bwana. Agogo amachita kuvula juzi."

Anapukuta bulangete lija ngati jekete. Kenako anafunsa ngati njerwa zinatsalako, ndinati zilipo. Anafunsa za dothi, ndinati chulu sichinathe. Anayang'ana pakona ya sitolo, pomwe panali matumba, n'kunena kuti iwo monga woyang'anira sangalole kuti diramu labwinobwino la bungwe lichotsedwe kunazale, pokhapokha litapezeka lobooka.

M'mawa mwake linapezeka lobooka.